Kawaya ka mu Mtima wa Atsibweni

Yeoville, Joni
22 Febuluwale 2004

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi mchemwali wanga Tikhala ndi onse ku Makwasa. Ine kuno ndili bwino, vuto ndi kutentha basi.

Mwina mwamva kale mphekesera kwa anthu a mabasi, ndiye bola ndinene ndekha mwadongosolo. Achimwene anu, atsibweni a Ephraim, anagwa mlungu wathawu akutchetcha kapinga kwa azungu awo ku Randburg. Unali mtima. Mtsempha umodzi wodyetsa mtimawo unatsala pang'ono kutsekeka ndi mafuta. Pano ali moyo, akudya, ndipo ayamba kale kudandaula kuti phala la m'chipatala ndi madzi okhaokha.

Sanawang'ambe pachifuwa ayi. Anaboola pang'ono cha pamwamba pa ntchafu n'kulowetsa kapaipi kopyapyala mu mtsempha mpaka kukafika pamtima. Pamalo pothinapo anasiyapo kawaya kopota, kokhala ngati kasipuling'i ka m'bolopeni, koti kazigwira mtsemphawo kuti ukhale chitsegukire. Kuno amati sitenti. Nthawi yonseyi anali maso, akuonera mtima wawo pa TV. Atatuluka anandifunsa kuti, "Mphwanga, kawayaka sikadzachita dzimbiri?" Ndinati ayi. Iwo amvekere, "Ndiye kaposa malata amene ndinatumizira mayi ako aja."

Mwayi wake ngwakuti chipatala chimenechi ndi chomwe ndinayambapo ntchito mu Januwale, ku labu ya madokotala a mtima. Ndimayeza magazi a anthu amene aikidwa sitenti. Si ntchito yaikulu, ndipo pepala limene ndinasaina ndi la chaka chimodzi chokha, koma ndi ya zimene ndinaphunzira ku Zomba. A manejala a pa esiteti aja, amene anati digiri yanga ikukwanira kulemba makilogalamu a masamba a tiyi pa sikelo, musawauze kanthu. Adzamva okha.

Atsibweni ndawalembetsa m'gulu la odwala amene tikuchita nawo kafukufuku. Ubwino wake ngwakuti mu Ogasiti, ikakwana miyezi isanu ndi umodzi, adzaunikanso mtsempha uja mwaulere. Amene sali m'gululi amadikira mpaka atagwanso.

Ndapatsira Jonas, wa basi uja, bulangete lanu ndi nsapato za Tikhala. Mutumize mawu ku Thekerani kwa a Lizzie, akazi a atsibweni, kuti asade nkhawa.

Ndine mwana wanu,
Reinford


Yeoville
4 Epulo 2004

Amayi,

Moni nonse. Ndamva kuti mwendo wanu uja unayambanso, ndikhulupirira pofika pano wachitako bwino. Ine ndili bwino. Atsibweni abwerera kuntchito, ngakhale azungu awo awaletsa kukankha makina otchetchera.

M'kalata yanu mwafunsa kuti ngati anachira, kukaunikanso n'kwa chiyani. Ndifotokoze bwinobwino, chifukwa kwathuko timatha ndi kusafunsa.

Mukukumbukira waya wa mpanda umene anakhomera pa mabulugama a m'mphepete mwa msewu wopita ku fakitale? Lero wayayo saonekanso, khungwa linamumeza. Mtsempha nawo umachita chimodzimodzi. Sitenti ikalowa imasiya kachilonda m'kati, ndiye thupi limameretsa mnofu pofuna kupoletsa. Kwa ambiri mnofuwo umangophimba kawayako n'kuleka. Kwa ena supuma, umangokulirakulira mpaka njira ya magazi n'kuchepanso. Zimachitika makamaka m'miyezi yoyambirira inoyi.

Funso la bwana wanga, mayi wina wachimwenye wosaseka, ndi lakuti bwanji ena okha. Thupi limapanga lokha timankhwala tofinya mitsempha. Timeneti n'tofunika, ndi timene timasunga mphamvu ya magazi kuti munthu akaimirira asagwe ndi chizungulire. Koma kuwonjezera pa kufinyako, timalimbikitsanso mnofu wa m'khoma la mtsempha kuti uzichuluka. Kamene ndimayeza ine dzina lake ndi endothelini. Tikuganiza kuti amene ali ndi endothelini wambiri ndi amene mtsempha wawo umathinanso. Tikuganiza chabe, sitinatsimikize. Tikatsimikiza, dzina langa likhoza kudzakhala nawo pa pepala losindikizidwa, ndipo khomo la digiri yachiwiri lidzatseguka lokha.

Ndinawafotokozera atsibweni zonsezi. Anati, "Ine fodya sindinamulawepo. Tiyi ndinakulira momwemo koma mpingo unandiletsa. Mowa ayi. Ndiye iwe ukuti thupi langa lomweli ndi limene likundifinya?" Ndinati eya. Anati, "Lauma mutu ngati mwini wake."

Za pemiti yanga yokhalira kuno musamafunse m'kalata, makalata amadutsa m'manja ambiri. Zikuyenda. Masiku apitawa ndinagona malo ena osati kwanga, koma zinatha bwino.

Chimanga mukakolola musathamangire mavenda a ku Bvumbwe. Chaka chatha munawapatsa ngati mphatso. Sungani mpaka mtengo ukwere.

Mwana wanu,
Reinford


Yeoville
23 Meyi 2004

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Kuno kwayamba kuzizira, kuzizira kouma kong'amba milomo, osati kwa chiperoni chathu. Ine ndinali ndi chimfine koma chapita.

Ndamva pa wailesi kuti mwavota. Kaya zinthu zisintha, kaya ndi nyimbo yomwe ija woimba yekha ndiye wina, tiona. Ine chimene ndikufuna kudzaona ndi tsiku limene munthu wa ku Thekerani adzaikidwe sitenti ku Blantyre n'kubwerera kwawo pa minibasi. Zaka zonsezi tiyi wathu akumwedwa ku Ulaya, ife makina ounikira mtima tilibe. Tikhala mumuuze alembe kalata yofunsira malo ku sukulu ya anamwino chaka chino, asadikire kuti wina amukumbutse.

Ku labu zayamba kuoneka. Mwa odwala amene aunikidwa kale kachiwiri, ambiri amene mtsempha unathinanso anali ndi endothelini wokwera. Ine ndinati tilembe msanga ena asanatitsogolere. Bwana akuti anthu ake akadali ochepa, mwina zangochitika mwamwayi. Mayiyu amayenda ngati nanzikambe. Pa mabotolo pamalembedwa manambala okha, choncho magazi a atsibweni sindiwadziwa, musandifunse.

Chimene ndikudziwa ndi ichi. Awapezanso ndi shuga. Shuga amawononga khoma la m'kati mwa mtsempha, ndipo khoma lowonongeka limatulutsa tofinya tija tambiri. Kunabwera sitenti zatsopano zopakidwa mankhwala oletsa mnofu kumera, koma mtengo wake si wa anthu ngati ife, ndiye iwo anawaika yawamba. Mwa anthu a shuga okhala ndi sitenti yawamba, pafupifupi mmodzi mwa atatu mtsempha umathinanso. Ukathina kwambiri popanda wouona, munthu akhoza kugwa n'kumwalira. Ndikulemba mosabisa chifukwa chinanditopetsa chizolowezi chathu chonena kuti "akupezako bwino" mpaka tsiku lokumba manda. Zikapezeka mu Ogasiti amangolowetsanso kapaipi kaja n'kukuza njirayo.

Iwo eni ake ali bwino. Dzulo analalikira ku mpingo wa Amalawi, ulaliki wautali ngati kale.

Ndatumiza mafuta ophikira ndi jekete. Shuga sindinatumize, kuno wakwera kuposa ku Limbe.

Ine wanu,
Reinford


Yeoville
27 Juni 2004

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Jonas wafika Lachinayi ndi mbatata, nandolo ndi uthenga. Mbatata ndi nandolo anabwera nazo kwa ine. Uthenga anapita nawo ku Randburg. Akuti anavula chipewa, n'kukhala pansi pa kapinga, n'kuwauza atsibweni kuti mbumba yakumana ndipo ikuti abwerere kumudzi.

Ndinamutsatira Jonas kumene amapakira katundu kuti andiuze chimene chachitika. Akuti kalata yanga ija inawerengedwa Sabata masana pansi pa mtengo wa mapeyala, monga muchitira ndi makalata onse ochokera kuno. Panali inu, a Lizzie, ndi a Anderson akulu a mpingo. Tikhala atafika pa mawu akuti "kumwalira", a Anderson anamuimitsa. Akuti anati mwana sangatchule imfa ya atsibweni ake papepala pokhapokha madokotala atamunong'oneza kanthu. Makalata atatu otsatizana, onse nkhani ya matenda, ndiye kuti odwala atopa ndipo mwanayu akusowa ponenera.

Ndinati, "Jonas, palibe anandinong'oneza kanthu." Iye anangoseka akumanga chingwe pa matumba. Anati, "Achimwene, inu munaphunzira, sitikukana. Koma kalata ija tonse tinaimva bwinobwino. A Lizzie anayamba kale kuzira nyumba."

Amayi, sindinalembe mkuluwiko. Ndikati mmodzi mwa atatu, ndiye kuti awiri ali bwino. Ngakhale mmodziyo, mankhwala ake ali kuno, osati ku Thekerani. Kwathuko, momwe ndikudziwira, palibe chipatala chimene chingaone m'kati mwa mtsempha wa mtima, ngakhale cha mishoni chathucho. Mukawaitana pano mukuwachotsa pakhomo pa chithandizo.

 Za atsibweni ndangomva kuti anafunsa Jonas ngati bedi ndi thiranki zingakwane pa thirela.

Jonas anyamuka Lachiwiri ndi kalata ino. Pobwerera mumupatse uthenga wina, wapakamwa, wochokera kwa inuyo, wakuti adikire Ogasiti. Ine ndikalankhula amangoti "a Dokotala ayamba", ndine mphwawo. Inu ndinu mlongo wawo, amakumverani. Sindikupempha kuti asadzabwere. Ndikupempha kuti aunikidwe kaye, kenako ndidzawakweza basi ndekha.

Ndalama ya feteleza ndiitumiza mwezi wamawa. Mwezi uno panali zina zimene ndinayenera kulipira kwa anthu ena, musade nazo nkhawa.

Reinford


Yeoville
18 Julayi 2004

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira inu ndi Tikhala muli bwino. Kuno m'mawa kapinga akumachita kuyera ndi chisanu. Ine ndili bwino.

Jonas wabweranso. Wabwera ndi nthochi za ku Thekerani, mawu alibe. Akuti munamuuza kuti nkhani yake ndi ya a Lizzie ndi akuluakulu, inu simungasinthe nokha zimene anthu anagwirizana. Ndamva.

Dzulo tikuchokera ku tchalitchi tinakwera kachitunda kopita pokwerera matakisi. Atsibweni anaima, akuti akumanga chingwe cha nsapato. Tinayenda pang'ono anaimanso, dzanja lili pachifuwa. Nsapato zawo za ku tchalitchi zilibe zingwe. Nditawapanikiza anavomera kuti chinayamba mwezi watha, makamaka m'mawa kukazizira, ngati wina wawakhalira pachifuwa. Akapuma chimachoka.

Zimenezi n'zomveka. Kuzizira kumafinya mitsempha, nkhawa nayonso imatero. Njira ikakhala yotakasuka munthu samva kanthu. Ikakhala kuti mnofu waichepetsa kale, kufinya pang'ono pokha magazi amaperewera. Ndinawauza kuti ichi ndi chifukwa chothamangira ku chipatala, osati ku basi.

Anakhala pa khoma la nyumba ya eni ake n'kunena kuti, "Mphwanga, ukudziwa kuti bungwe la maliro la anthu a ku Thyolo kuno ndaliyendetsa ine kuyambira usanabadwe? Mabokosi amene ndaperekeza pa chipata cha Beitbridge sindingawawerenge. Kusonkhetsa anyamata oti nawonso alibe chakudya, mtembo kukhala mu firiji mwezi wathunthu ukudikira chidindo, mkazi kumudzi akungoyang'ana kumsewu. Ndinalumbira kuti ine sindidzavutitsa anthu choncho. Munthu amapita kwawo akadatha kukhala pampando."

Ndinati, "Koma atsibweni, simukufa."

Anati, "Nanga analemba ndani?"

Ndinati ndinalemba za anthu ambiri, osati za iwo. Anati, "Alongo anga sadziwa anthu ambiriwo, amadziwa ine."

Ndinamuimbira bwana kunyumba kwake, chinthu chimene sindinachitepo. Anandikalipira kaye chifukwa chosanena msanga, kenako anati asadikirenso Ogasiti, ndibwere nawo Lolemba pa 26, ndipo chikawagwira atangokhala ndithamange nawo nthawi yomweyo. Wawalembera timapiritsi toika pansi pa lilime, totakasula mitsempha. Ndakawauza lero. Anati, "Ndamva, a Dokotala." Bedi likadali m'chipinda mwawo, ndinayang'ana.

Ngati mungathe, pitani pa foni ya ku mishoni muwaimbire. Nambala ya azungu awo Tikhala ali nayo.

Mwana wanu,
Reinford


Yeoville
26 Julayi 2004

Amayi,

Moni. Ine ndili bwino. Kalata ino ikupezani atsibweni atafika kale, ndikhulupirira afika bwino.

Ndinapita kukawatenga m'mawa uno. Ndinapeza chipinda chosesa, makiyi ali kwa dona. Anadikira Sabata lithe, n'kukwera basi ya dzulo m'mawa. Bedi anasiyira mnyamata wa ku Mulanje amene walowa ntchito yawo. Dona amaganiza kuti ine ndikudziwa. Ku chipatala ndinapita ndekha kukanena.

Tsopano mverani, ndipo Tikhala alembe izi pa pepala lina apereke kwa a Lizzie. Mankhwala anatenga, koma sindikudziwa kuti ndi a masiku angati. Asipirini asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. A shuga ndi a BP akatsala pang'ono mupite nawo mabotolo ake ku chipatala cha mishoni, akaone dzina, akupatseni ofanana nawo. Ndaikamo kalata ya Chingerezi ya bwana wanga, mukaipereke kwa dokotala weniweni, osati pa windo. Timapiritsi ta pansi pa lilime tizikhala m'thumba la malaya amene avala, osati mu thiranki.

Akadwala chimfine musawagulire mapiritsi kapena mankhwala odontheza m'mphuno a m'magolosale. Ambiri amatsegula mphuno pofinya mitsempha, ndipo safinya ya m'mphuno yokha. Chimodzimodzi mapiritsi ena a mutu waching'alang'ala. Panado yekha. Kukhitchini kukakhala utsi atuluke. M'mawa wa chiperoni asatuluke dzuwa lisanakwere, ndipo zitunda za ku Thekerani zija asakwere wapansi, ngakhale popita ku tchalitchi. Ndikudziwa kuti sadzamva. Muwauzebe.

Zonsezi sizichotsa mnofu umene wamera. Zimangothandiza kuti njira yotsalayo isafinyike. Chochotsa chili kuno.

Bwana akuti atsibweni akabwera mwezi wa Ogasiti usanathe adzawalandira. Anthu akawaona n'kukhutira kuti akuyenda, akudya, muwauze abwerere. Ya basi ndilipira ine, kupita ndi kubwera. Ine kubwera kudzawatenga sindingathe. Ndikatuluka pa chipata cha Beitbridge, kulowanso kukhoza kuvuta, mukudziwa chifukwa chake.

Reinford


Yeoville
10 Okutobala 2004

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwayamba kupezako mphamvu. Tikhala akuti simukudya bwino. Muzidya. Ine ndili bwino, mvula yayamba kuno.

Pepani kuti ndakhala chete. Uthenga wa maliro a atsibweni ndinaulandira pa foni tsiku lomwelo. Amalawi a ku mpingo anabwera kwanga kudzakhala nane, anaimba, anthu anadzaza mpaka pa masitepe. A bungwe la maliro anabweretsa envulopu, akuti poti panalibe bokosi lonyamula, ndalama yake ipite kwa a Lizzie. Ili ndi Jonas.

Kalata ya Tikhala ndaiwerenga. Ndamva kuti mwezi wa Ogasiti anayenda nyumba zonse za mbumba, anagawa minda ya nthochi, anakonzetsa denga la a Lizzie. Ndamva kuti anagwa akuchokera kudimba m'mawa, ndipo pofika nawo ku chipatala anali atatsirizika. Ndamvanso zimene a Anderson analankhula pamaliro, kuti banja lithokoze Reinford amene anachenjeza nthawi ikadalipo, mwakuti atsibweni agona kwawo pakati pa abale awo. Akuti anthu anavomereza ndi ameni. Muwauze kuti mawu awo andipeza.

Mwafunsa ngati kawaya kaja ndi kamene kanawapha. Sindikudziwa, ndipo palibe adzadziwe. Mwina mnofu unatseka, mwina magazi anaundana pamenepo, mwina unali mtsempha wina. Popanda kuunika tikungoganiza. Magazi awo akadali mu firiji ya ku labu, koma bwana akuti salowa m'chiwerengero, chifukwa palibe chithunzi chachiwiri choyerekeza nacho. Kafukufuku akupitirira. Endothelini akuonekabe wokwera mwa amene mtsempha unathinanso, koma sitikudziwa ngati ndi iye amayambitsa kapena amangokwera chifukwa mtsempha wadwala kale. Akuti pakufunika chaka china. Pepala langa la ntchito likutha mu Disembala, za kuwonjezera sananene.

Lolemba lija malo a atsibweni sanakhale opanda munthu. Anaitana bambo wina wa ku Soweto amene anali pamzere, wa shuga nayenso, wamkulu kuposa iwo. Ndinapempha kuima nawo kuseri kwa galasi. Mtsempha wake unali utathina kwambiri, magazi akungodutsa ngati ulusi. Analowetsa kapaipi, anakuza, njira inatseguka tikuona. Mawa lake ndinakumana naye pa geti atanyamula kachikwama kake, akufunsa mlonda kumene angakwerere takisi.

Simenti ya chiliza musagule, nditumiza ine mvula ikatha. Moni kwa a Lizzie.

Ndine mwana wanu,
Reinford